Mwasankhidwa kutsogolera ophunzira anzanu ku TTC? Yambirani apa

Kampeni yatha, mavoti awerengedwa, anzanu akunyamulani m'mwamba kuzungulira mahositelo. M'mawa mwake madzi sakutuluka kumipopi ya kwa akazi, phala lapsa mochedwa, ndipo wina akugogoda pachitseko chanu kuti foni yake yasowa usiku. Walira mvula walira matope. Malangizo awa ndi a inu amene mwangolowa m'bungwe la ophunzira pakoleji yophunzitsa aphunzitsi a kupulayimale (TTC), kaya ndi ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga, Blantyre, Phalombe, Chiradzulu kapena ku St. Joseph's ku Bembeke. Mayina a maudindo amasiyana koleji ndi koleji, koma mavuto amafanana, ndipo lalikulu mwa onse ndi kuchepa kwa nthawi.

Yambani ndi kalendala

Maphunziro a uphunzitsi wa kupulayimale, otchedwa IPTE, ndi a zaka ziwiri, ndipo chisinthireni dongosolo lake mu 2017 amayenda chonchi: materemu awiri pakoleji, materemu awiri ku TP (kukayeserera kuphunzitsa m'sukulu za pulayimale), kenaka materemu awiri omaliza pakoleji, mayeso a MANEB ali pakhomo. Mtsogoleri wa ophunzira ku yunivesite amakhala zaka zinayi pamalo amodzi mpaka kudziwa khalidwe la mwini ofesi iliyonse. Inu mwayi umenewo mulibe. Ngati muli m'chaka choyamba, simuchedwa kumanga katundu kupita kusukulu ya kumudzi kumene netiweki imagwira pachulu pokha. Ngati mwabwerako ku TP, mutu wanu uli pamayeso.

Choncho tsiku loyamba tengani kalendala ya koleji, mukhale pansi komiti yonse, muwerenge masabata amene atsala. Chotsanipo masabata a mayeso, sabata yotsegulira imene anthu amafika mmodzimmodzi, ndi yotsekera imene aliyense akuganiza za thiransipoti. Otsalawo ndiwo utsogoleri wanu wonse. Mukawaona kuchepa kwake, malonjezo ena a pakampeni agwa okha: basi yatsopano, nyama kanayi pasabata, intaneti yaulere mpaka m'zipinda zogona. Asiyeni agwe. Amene anakuvoterani nawonso ankadziwa kuti zina zinali zokometsera msonkhano.

Funsani mapepala, dziwani anthu

Pezani malamulo a bungwe la ophunzira, malamulo a koleji, ndi fayilo ya komiti imene yatuluka. Ngati fayiloyo palibe, ndipo nthawi zambiri sipakhala, muimbireni mlembi wakale asanasinthe nambala, akuuzeni zimene anapempha, zimene analonjezedwa ndi amene analonjeza. Malamulowo muwerenge nokha, osadalira zakumva. Mudziwe ngati bungwe lili ndi mpando m'komiti ya zachilango ndi m'komiti ya zakudya, ndiponso makomo amene dandaulo liyenera kudutsa lisanafike kwa a Principal. Mtsogoleri wodumpha a Dean n'kukagogoda kwa a Principal pankhani ya babu lakupsa amadzipangira mdani popanda chifukwa.

Musathere pa mabwana okha. Moyo wa tsiku ndi tsiku pakoleji uli m'manja mwa ophika, osunga makiyi a kusitolo, pulambala, wa zamagetsi, a Matroni ndi alonda. Apatseni moni, mudziwe mayina awo, muwafunse chimene chimawavuta pantchito. Pulambala akhoza kukuuzani m'mphindi zisanu chifukwa chimene madzi safikira hositelo ya kumtunda, pamene misonkhano itatu sinatulutse yankho.

Mukatero gawani mavuto patatu. Gulu loyamba ndi limene ophunzira angathane nalo okha: zinyalala, phokoso la usiku, kuba, udzu wotalika kuseri kwa mahositelo. Lachiwiri ndi la akuluakulu a koleji: kukonza mipopi, ndandanda ya zakudya, maola otsegulira laibulale. Lachitatu lili kunja kwa mpanda. M'makoleji a boma, ndalama zoyendetsera koleji ndi alawansi zimachokera kumtunda, ku unduna wa zamaphunziro umene uli ndi nthambi yoona za maphunziro a aphunzitsi ya DTED. Magetsi ndi a ESCOM, mayeso ndi a MANEB. Kugawa kumeneku kumaoneka ngati kwachibwana, koma mikangano yambiri ya m'makoleji imabadwa pamene ophunzira akalipira a Principal pa chinthu chimene iwonso akuchidikira.

Yendani ndi kope

Sabata yoyamba isanathe, gulani kope lachikuto cholimba, muyende awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, hositelo iliyonse, kukhitchini, kulaibulale, m'makalasi ndi kumabafa. Musalembe kuti "zimbudzi sizili bwino". Lembani kuti zimbudzi zilipo zingati, zogwira ntchito zingati, zotsekeka zingati, zopanda chitseko zingati, ndipo ogona m'hositelomo ndi angati. Tsegulani mpopi uliwonse ndi dzanja lanu. Yatsani swichi iliyonse. Tembenuzani matiresi angapo, muyang'ane m'misoko ndi m'ming'alu ya mabedi ngati muli nsikidzi. Timadontho takuda ndi magazi ouma pansalu ndizo zizindikiro zake. Werengani mawindo osweka ndi mabedi opanda neti.

Mubwererenso usiku, makamaka magetsi atazima. Yendani njira yochokera kukalasi yowerengera kupita kuhositelo ya akazi, muone pamene pali mdima ndi tchire. Ngati muli ndi mnzanu woyenda panjinga ya olumala kapena wovutika kuona, mupempheni ayende nanu tsiku lina. Akuonetsani sitepe imene inu mumaidumpha osaiona, ndi ngalande yosavundikira imene iye amaiopa tsiku lililonse.

Cholinga cha kuwerenga konseku n'chakuti mawu akuti "ophunzira akudandaula" a Principal anawamva chaka chatha ndi chaka chinacho, ndipo sawadzidzimutsanso. Koma pepala lonena, mwachitsanzo, kuti hositelo ya anthu 120 yatsala ndi zimbudzi zitatu zogwira ntchito n'lovuta kuliika pambali. Iwonso lingawathandize pokapempha ndalama kumtunda.

Mverani, kenaka sankhani zitatu

Msonkhano wa m'holo umakomera a mawu aakulu. Amayankhula ndi omwewo, ndipo ena onse amangowomba m'manja kapena kukuwiza. Kuti mumve zenizeni, pitani hositelo ndi hositelo madzulo, anthu ochepa nthawi imodzi, ndipo kwa akazi kupite atsogoleri aakazi okha. Kumeneko n'kumene mudzamve za kusowa kwa potaya mapadi, za loko wa kubafa amene anathyoka kalekale, za mnzanu amene sakudya chifukwa cha zilonda za m'mimba. Ikaninso bokosi la maganizo pamalo oti munthu angaponye pepala osaonedwa, makiyi ake akhale kwa anthu awiri.

Gulu la WhatsApp likhalepo limodzi la zilengezo, lolembamo mlembi yekha. Koma chilichonse chimene chapita pa WhatsApp chimatidwenso pabolodi, chifukwa si onse ali ndi foni yaikulu, ndipo amene ali nayo si masiku onse ali ndi bandulo.

Pa zonse zimene mwamva ndi kuona, sankhani zitatu. Chimodzi chikhale choti mungachimalize nokha m'masabata awiri, kuti anthu aone kuti komiti ili moyo. Chachiwiri chikhale chofuna a koleji koma chosadya ndalama zambiri. Chachitatu chikhale chachikulu chimene mwina adzamalize ndi okulowani m'malo. Zimatani pabolodi, aliyense adziwe chimene adzakufunseni.

Kukaonana ndi akuluakulu

Apa ndi pamene makomiti ambiri amagwera, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa cha mwano. Yambani ndi kalata. Mudzailemba m'Chingerezi monga mwa mwambo wa maofesi, koma zamkati mwake zikhale zotere: "Pa 14 mwezi uno tinayendera hositelo B. Mwa mipopi 8, yotulutsa madzi ndi iwiri. Itatu inathyoka mitu, itatu ndi yotsekeka. Ophunzira akumakatunga kumjigo wa m'mudzi kusanache. Tikupempha kuti pulambala aione sabata ino. Ife ndife okonzeka kukumba ngalande ndi kunyamula zipangizo Loweruka." Onani kuti kalatayi ili ndi tsiku, chiwerengero, pempho limodzi lomveka, ndi gawo limene ophunzira achite okha. Mulibemo mawu akuti "mwatinyanya". Lembani makope awiri, ndipo amene walandira asayine pa lanu.

Kumsonkhano pitani atatu kapena anayi, mutavala monga mmene mungavalire pokaima kutsogolo kwa kalasi. Gwirizanani kunja amene ayankhule pa mfundo iliyonse, kuti musakatsutsane pamaso pa mabwana. Lankhulani mwaulemu, koma ulemu usakulepheretseni kufunsa mafunso awiri amene amasiyanitsa msonkhano waphindu ndi wongomwa tiyi: achita ndani, ndipo pofika liti? Mukayankhidwa kuti "tiona", nenani modekha kuti, "Zikomo bwana, kodi tingabwerenso Lachisanu kudzamva pamene zafika?" Musanatuluke, mlembi awerenge mokweza zimene mwagwirizana, ndipo mawa lake apereke kope ku ofesi.

Pasanathe masiku awiri, auzeni ophunzira zimene mwabwera nazo, ngakhale yankho litakhala lakuti ayi. Komiti imene imalowa mu ofesi n'kutuluka chete imayamba kunenedwa kuti yagulidwa. Ndipo kugulidwa kwenikweni sikubwera ndi envulopu. Kumayamba ndi kambale kapadera kukhitchini, ntchafu ya nkhuku pamene anzanu akudya kabichi, chipinda cha nokha pamene ena athithikana. Mukalandira kamodzi, pakamwa panu palemera tsiku limene mudzafune kunena za chakudya. Imani pamzere ndi mbale yanu ngati wina aliyense.

Pemphani kuti misonkhano yotere izichitika pa tsiku lodziwika, kamodzi pamwezi, osati pokhapokha zinthu zikavuta.

Chakudya ndi madzi

Palibe nkhani imene imautsa mkwiyo msanga pasukulu yogonera pompo kuposa ya m'mbale. Pemphani kuti ndandanda ya zakudya za sabata imatidwe pakhomo la kodyera, ndipo ikasintha, chifukwa chake chinenedwe chakudya chisanafike patebulo. Anthu amapirira nyemba masiku atatu otsatizana ngati auzidwa kuti wobweretsa nyama sanalipidwe. Chimene sapirira n'kuyesedwa ana.

Komiti ya zakudya ikhale ndi kasinthasintha wa ophunzira awiri tsiku lililonse, oti azikhalapo pamene katundu akutuluka kusitolo kupita kukhitchini. Ntchito yawo si kulondalonda ophika ngati akuba. Aziona kuti matumba a ufa atuluka angati, atapeko nyemba m'dzanja aone ngati zafumbwa ndi anankafumbwe, anunkhize ufa ngati wayamba chuku, alembe nthawi imene chakudya chapsa ndi ngati chakwanira onse. Zonsezi zilowe m'kope limodzi lokhala kukhitchini komweko, wamkulu wa ophika azisayinanso. Pakatha mwezi, kopelo limayankhula lokha: mwina vuto ndi wogulitsa amene amabweretsa nyemba zakale, mwina nkhuni zimafika zaziwisi, mwina ena amatenga kawiri omaliza n'kusowa. Lililonse mwa mavuto amenewa lili ndi mankhwala akeake.

Musaiwale ochepa. Lembani mayina a amene ali ndi kalata ya kuchipatala yowaletsa zakudya zina, Asilamu pankhani ya nyama ndi nthawi ya Ramadan, ndi a mipingo imene ili ndi zakudya zimene sadya. Kambiranani ndi akukhitchini teremu ikamayamba, osadikira kuti munthu agone ndi njala kaye.

Ngati koleji ili ndi malo ndi madzi, dimba la mpiru, repu ndi tomato n'lotheka, ndipo alekichara a zaulimi angalitenge ngati gawo la phunziro. Koma musanabzale, yankhani funso limene limapha madimba a pasukulu: adzathirira ndani patchuthi? Mitengo nayo ibzalidwe mvula ikakhazikika, pakati pa December ndi April, ndipo kalasi iliyonse ipatsidwe mzere wake woti iziusamala.

Za ukhondo musazitenge mopepuka. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre. Pamalo pogona anthu mazanamazana, madzi akasiya kwa masiku awiri ngozi yafika kale. Onetsetsani kuti pakhomo la kodyera ndi pazimbudzi pali ndowa za mpopi ndi sopo, ndipo pali munthu wodziwika wozidzaza. Kudzera kwa a Matroni, pemphani alangizi a zaumoyo a pachipatala chapafupi akuthandizeni ndi klorini ndi kukuonetsani muyezo wake. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, ayambe kumwa Thanzi ORS ali panjira yopita kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Ndalama za bungwe

Lamulo ndi lalifupi: ndalama ya ophunzira isagone m'thumba la munthu, ndipo isalowe pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya msungichuma imene amagulirapo zake. Ngati koleji imasunga ndalamazo, funsani kuti zilipo zingati ndipo zimatuluka bwanji. Ngati bungwe lili ndi akaunti, osayina akhale osachepera awiri. Chogulidwa chilichonse chikhale ndi lisiti, ndipo pamene wogulitsa alibe lisiti, monga pamsika, alembe papepala n'kusayina pamodzi ndi mboni. Kutha kwa mwezi uliwonse matani pabolodi zolowa, zotuluka ndi zotsala, ngakhale zitakhala zochepa zochititsa manyazi.

Thumba la chithandizo pamaliro ndi matenda lilembedwe malamulo ake kusanagwe zovuta: limathandiza pa imfa ya ndani, ndi ndalama zingati, ndipo operekeza ndi angati. Mukadikira kuti maliro achitike, mudzapereka motengera kutchuka kwa wofedwayo, ndipo wachiwiri adzafunsa chifukwa chake iye walandira zochepa. Komanso disiko ndi mpira zisadye bajeti yonse teremu isanafike pakati.

Nkhani zosafunika m'holo

Tsiku lina wina adzakuitanirani pambali n'kukuuzani kuti lekichara, wogwira ntchito kapena wophunzira mnzake akumukakamiza zachiwerewere, mwina pomuopseza ndi malikisi. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limati kuvutitsa munthu mwa njira imeneyi ndi mlandu. Inu sindinu khoti, ndipo musayese kuitanitsa mbali ziwiri kuti "mukambirane". Mvetserani mpaka amalize. Mufunseni chimene akufuna kuti chichitike. Mulangizeni asunge mauthenga a pafoni ndi kulemba masiku. Akavomera, mperekezeni kwa amene malamulo a koleji anawaika kulandira nkhani zotere. Ngati amene akumuvutitsayo ndi yemweyo wolandira nkhanizo kapena mnzake wapamtima, pitani kwa wina wapamwamba, kapena ku Victim Support Unit ya kupolisi. Ngati wagwiriridwa, chipatala chikhale choyamba, pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV. Nkhaniyo isafike pa WhatsApp, ndipo isakambidwe m'komiti yonse.

Mbali inayo muinenenso poyera anzanu asanapite ku TP. Mwana wa sukulu si chibwenzi cha mphunzitsi, kaya akuoneka wamkulu bwanji, ndipo malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mawu amenewa amamveka mosiyana akachokera kwa mnzawo kusiyana ndi akachokera kwa a Principal.

Musataye amene ali ku TP

Ophunzira akabalalika m'masukulu, bungwe limakonda kuwaiwala, chonsecho ndi nthawi imene amavutika kwambiri. Asananyamuke, lembani ndandanda ya sukulu zonse, ophunzira amene apita pa iliyonse, ndi mmodzi woyankhulira anzake pasukulupo. Gwirizanani tsiku limodzi pasabata loti oyankhulirawo azitumiza uthenga, ngakhale wa SMS, wonena zinthu zinayi: nyumba ili bwanji, mentala (mphunzitsi wowayang'anira pasukulupo) akuwathandiza kapena wangowasiyira kalasi, alekichara abwera kudzawaona, ndipo alawansi yafika.

Alawansi ikachedwa, sonkhanitsani mayina ndi miyezi imene aliyense sanalandire, mupereke kukoleji mwa kalata, mufunse kuti mapepala aima pati. Nthawi zina vuto ndi lalikulu la kumtunda, nthawi zina ndi nambala ya akaunti yolakwika ya anthu ochepa, ndipo ilo lingakonzeke msanga. Mukangoti "sitinalandire" onse pamodzi, amene vuto lawo linali laling'ono amamira m'gulu.

Ngati kalendala yanu ili ndi teremu imene obwera ku TP amakumana pakoleji ndi amene akukonzekera kupita, musaiwononge. Konzani madzulo awiri kapena atatu oti akuluwo afotokozere ang'ono zimene mabuku sanena: kuphunzitsa kalasi ya ana oposa 100 pansi pa mtengo, kulemba masikimu ndi mapulani a phunziro usiku ndi tochi, kupanga zipangizo za TALULAR (zophunzitsira zochokera ku zinthu zopezeka pafupi) ndi zitsekerero za mabotolo, makatoni ndi timitengo, kukhala bwino ndi ahedi, amfumu ndi eni nyumba. Msonkhano wotere sudya ndalama, ndipo mwa zonse zimene komiti ingachite, ine ndimauika patsogolo.

Anthu akayamba kunena za sitiraka

Mudzazimva kodyera: mbale zikugundidwa, wina akuimba mluzu, ena akuti atsogoleri ndi amantha. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Choncho musawauze anzanu kuti kudandaula pagulu n'kulakwa. Chimene muyenera kutchinga ndi chipwirikiti cha usiku, chifukwa mathero ake amadziwika: mawindo asweka, koleji yatsekedwa, aliyense alipitsidwa zowonongeka, ena achotsedwa, masabata ophunzira atayika, ndipo nyemba zikadali zomwe zija.

Choyamba fufuzani mphekesera imene yautsa moto. Ngati akuti ndalama zinabwera koma zadyedwa, pitani mukafunse, mubwere ndi yankho tsiku lomwelo. Chachiwiri itanitsani msonkhano masana, osati usiku, ndipo a Dean adziwe. Lembani madandaulo pamodzi, osapitirira asanu, muike tsiku loyembekezera yankho limene munthu angalikwanitsedi. Pemphani a Principal abwere adzayankhe okha pamaso pa ophunzira. Ambiri amavomera akaona kuti mwakonza bwino ndipo sakatukwanidwa. Tsikulo likadutsa popanda kanthu, kalata ipite pamwamba potsata makomo ake, ndipo a koleji alandire kope kuti asadzati munawazembera. Ngati ophunzira agwirizana zoyenda ndi zikwangwani, tsatirani ndondomeko yodziwitsa akuluakulu, sankhani osungitsa bata ovala zowazindikiritsa, ndipo njira yake italikirane ndi khitchini, sitolo ndi nyumba za alekichara. Zikafika poti miyala yayamba kuuluka, ntchito yanu ndi kuchotsa anthu pamalopo ndi kuteteza ofooka, osati kuima kutsogolo kuti muoneke wolimba mtima.

Kusiyira ena

Musadikire sabata yomaliza. Kuyambira mwezi woyamba, udindo uliwonse ukhale ndi wothandizira wochokera m'gulu limene lidzatsale pakoleji inu mukadzachoka, azipita nanu kumisonkhano ndi kuona mmene kalata imalembedwera. Onetsetsaninso kuti akazi ali m'maudindo enieni, osati wachiwiri kwa mlembi basi. Lamulo lija la mu 2013 limafuna kuti polemba anthu ntchito m'boma mbali iliyonse isachepere 40 pa 100 alionse, ndipo bungwe la aphunzitsi a mawa lingatengerepo muyezo.

Chisankho chichitike kukadali masabata awiri kapena atatu, kuti komiti yakale ndi yatsopano ziyendere limodzi. Atengeni atsopanowo mukawaonetse kwa a Principal, kwa a Dean, kukhitchini ndi kwa pulambala. Yendaninso nawo mahositelo ndi kope lija, muwerenge mipopi ndi zimbudzi kachiwiri, manambala atsopano alembedwe pambali pa akale.

Fayilo yosiyirana ikhale ndi malamulo a bungwe, makalata onse ndi mayankho ake, zokambirana za misonkhano, kaundula wa ndalama ndi malisiti, ndandanda ya katundu wa bungwe monga mipira, mayunifolomu ndi zokuzira mawu, komanso manambala a foni a komiti yotuluka. Patsamba loyamba lembani malonjezo amene a koleji anapereka koma sanakwaniritsidwe, lililonse ndi tsiku lake ndi ofesi imene inalonjeza. Pangani makope awiri. Limodzi likhale kwa mlembi watsopano, lina ku ofesi ya a Dean, ndipo onse atatu, wotuluka, wolowa ndi a Dean, asayine kuti alandira.